Bondo la Bambo a Madalo

Chikhakha anachichotsa kuchipatala mu Okutobala, koma Novembala anafika bambo a Madalo akadali gone pamphasa. Mwendowo anathyoka atagwa panjinga ndi matumba awiri a nandolo popita kumsika wa Chiringa. Fupa linalumikizika bwinobwino, adokotala anatero ine ndili pomwepo. Anawauzanso kuti aziyenda pang'onopang'ono ndi kumapinda bondo tsiku lililonse. Mawu amenewo anatsala pageti pa chipatala.

Vuto linali alamu anga a Eveles, mlongo wawo wamkulu. Amuna angawa, a Eneya, ndi akamwini kwathu kuno kwa Nazombe, ndiye a Eveles anabwera kuchokera kwa Mkhumba ndi kachikwama kawo, ati kudzaona ngati mlongo wawo tikumusunga bwino pamudzi pa eni. Kusunga kwake kotani? Madzi kuwamwetsa. Phala kuwadyetsa. Akati adzuke, "Gonani achimwene, mwendo ungathyokenso." Ngakhale kuchimbudzi ankafuna tiziwanyamula anthu awiri.

Ine ndili ndi ana asanu, munda wosagalauza, mvula ili pafupi. Tsiku lina zinandikwana.

"Bambo a Madalo, tadzukani mukafike pamtengo wa mango apo. Si patali."

"Ukupweteka, mayi a Madalo."

"Upweteka mpaka liti?"

A Eveles anaponya lichero pansi. "Mwamva? Munthu wodwala kumuthamangitsa ngati mbuzi yolowa m'dimba! Mukungofuna wokulimirani basi. Kwathu wodwala sayenda, amazondedwa. Loweruka likubwerali ndiitana ankhoswe, ndimutenge mlongo wanga akachirire kwawo."

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pabanja, lero ine ndine wankhanza! Ndikakhala chete, mwendo uuma. Ndikalankhula, banja litha.

Lachinayi kunali sikelo ya ana kutchalitchi. Ndinapita ndi chitsirizira wanga, ndipo atangomuyeza ndinaima pamaso pa a Makina, azaumoyo a m'dera lathu.

"Lero simubwerera musanaponde kwathu."

"Kwagwanji, mayi?"

"Kuli munthu akuwola ali moyo."

Anabwera akukankha njinga yawo. Atalonjerana ndi onse, anagwira bondo lija nkuyesa kulipinda. Linakana, gwa ngati chipika. Kenako anapempha luzi. Analizunguliza pantchafu ya mwendo wabwino, nkumanga mfundo pomwe lakumana.

"Mayi Eveles, tayezani inuyo mwendo winawo."

A Eveles anayeza monyinyirika. Luzi linatsala zala zitatu.

"Mnofu wapita kuti?" anafunsa a Makina.

"Ndi matenda amenewo."

"Ayi mayi, ndi mphasa. A Eneya, inu ndinu munthu wa njinga. Mukaisiya pakhonde dzinja lonse, tcheni chimatani?"

"Chimagwira dzimbiri," anayankha amuna anga, maso pansi.

"Bondo lanu lagwiranso. Mukagona miyezi ina iwiri, mudzatsimphina moyo wanu wonse."

"Koma akumva kupweteka!" anatero a Eveles.

"Kuwawa pang'ono ngati mnofu ukukokeka ndi kwabwino, ndiye kuti ukudzuka. Kukakhala kobaya, kapena bondo likatupa nkutentha, asiye ndipo mubwere nawo kuchipatala. Chisoni chanu ndi chabwino, mayi, koma chikuwalumalitsa."

A Makina anawakhazika amuna anga pampando nkuwaonetsa zochita. Kuwongola mwendo nkuupinda kakhumi, m'mawa ndi madzulo. Kuimirira atagwira khoma. Kuyenda ndi ndodo mpaka pamtengo wa mango, sabata yotsatira mpaka pamjigo.

Amuna anga ankangoti "inde, inde" ngati akuzimva koyamba. Mawu omwewo ndinakhala ndikulankhula mwezi wathunthu! Koma poti wanena ndi mwamuna wonyamula kabuku, zasanduka nzeru. Chachikulu adzuke.

Tsiku loyamba thukuta linali kamukamu, misozi ikulengeza. A Eveles anathawira kuseri kwa nyumba atatseka makutu. Ine ndinkawerenga mpaka khumi, osachotserapo ngakhale kamodzi.

"Mulibe chifundo inu," anatero amuna anga.

"Chifundo ndi chimenechi. Tiyeni, kwatsala kawiri."

Loweruka ankhoswe anafikadi, a Cornelius, malume awo, atavala jekete pa dzuwa lonse lija. Anapeza mphasa ili yokha pakhonde. Mwini wake anali pakati pa bwalo, ndodo m'manja, akukwakwaza mwendo kulunjika kumtengo.

"Eveles, wodwala ukuti timunyamuleyo ndi uti?"

"Akumukakamiza, malume!"

"Eneya, akukukakamiza?"

Amuna anga anapuma kaye, nkupukuta kumaso. "Akundikakamiza ndithu. Koma dzana sindikanafika pano. Ine sindipita kulikonse, malume."

A Cornelius anamwa thobwa nkutsanzika. A Eveles anatsatira m'mawa mwake, osandiyang'ana nkomwe. Kupepesa sanapepese mpaka lero, ndipo ine ndinasiya kudikira.

Khirisimasi isanafike ndodo anaitaya. Mu Januwale anapalira nane mizere yoyamba, ndipo pokolola mpunga anali atakweranso njinga. Mpaka pano m'mawa uliwonse amapinda mawondo asanagwire khasu, ati msana nawonso unasiya kuvuta.

Anzanga, ndilibe nthawi yozungulira. Achipatala akanena kuti wodwala ayambe kuyenda, ayende. Pang'ono lero, kuonjezera mawa, tsiku lililonse osadumphitsa. Thupi limachira ndi kulimba likamagwira ntchito, kaya munthu wathyoka, wadwala nthawi yaitali kapena wangokula. Ndipo inu obwera kudzazonda, musamugoneke munthu amene adokotala amudzutsa. Mugwireni dzanja, muyende naye.