Mbande za Alendo

Nkhondo itatha, Rabeca anabwerako ku Malawi, komwe anathawira, n'kupeza munda wake wa ku Insaca uli mbee, wopanda mtengo. Choncho anakondwa kampani yogula fodya itabweretsa mbande, ikuti sigulanso fodya wa mlimi wosadzala mitengo. Anakumba maenje mpaka manja kuchita matuza.

Alendo akunja anabwera, najambula mbandezo zikadali m'machubu. Fumbi lawo lisanathe, Stélio, kapitawo wa kampaniyo, anayamba kuzikwezanso m'galimoto.

"Mukupita nazo kuti?" anafunsa Rabeca.

"Ku Chiuta, mayi. Mawa alendo akazijambulanso kumeneko."

Mtima wa Rabeca unawira. Anakakhala pansi kutsogolo kwa galimotoyo.

"Ndipondeni. Maenje aja sindinakumbire chithunzi."

Stélio anamutsitsira mbande zochepa, koma chaka chimenecho kampaniyo inakana kugula fodya wake.