Njinga Yotsikapo Pamaliro

Bondo lakumanzere la alamu anga a Gilford linayamba ndale chaka chatha. Likafuna limagwira ntchito, likafuna limanyanyala. Vuto ndi loti mazira a nkhuku za achemwali anga a Kettie amafika m'magolosale a ku Area 25 panjinga yopalasa ndi bondo lomwelo.

Mwana wawo Angella, amene amagwira ntchito ya fodya ku Kanengo, anagamula mlandu. "Ababa, ndikugulirani njinga yamagetsi. Ikakukanikani, mukupita kumudzi ku Ntchisi mukapume."  Kumudziko alamu anachokako zaka makumi anayi zapitazo, ndipo anzawo onse a kumeneko ali kumanda.

Ine ndinawaperekeza ngati katswiri, poti ndinakonzapo wailesi kamodzi. Mushopu ya Yaseen ku Nsungwi munali njinga ziwiri. Ina yonenepa ngati bwana, magiya asanu ndi awiri, imene Angella anaikonda ataiona pafoni. Inayo yowonda, giya imodzi basi.

"Abambo, yaikuluyi imakwera phiri la Dedza ikuimba nyimbo," anatero Yaseen.

"Ku 25 kuli phiri?" ndinafunsa ine. "Phiri lathu ndi mulu wa zinyalala wa pamsika uja."

Alamu sanakwere ngakhale imodzi. Anatulutsa yonenepayo, navula chipewa, nayamba kuikankha. Anafika pachigayo n'kubwerera, thukuta lili kamukamu, akutsimphina. Kenako anachita chimodzimodzi ndi yowondayo.

Yaseen anandinong'oneza, "Madala, mwawauza kuti zimenezi amachita kukwera?"

"Asiyeni, alamu anga ngakhale pofunsira anayamba ayesa kaye ngati mkaziyo angakankhike."

Alamu sanaseke. Anaimika njinga n'kupukuta nkhope. "Mwana wanga," anauza Yaseen, "njira yanga ya mazira sabata siitha ndisanapeze masamba pamsewu, pena kawiri. Pamaliro munthu amatsika. Yaikuluyi n'kuikankha ndi mathireyi atatu pakaliyala, ndigwera pakati pa anamfedwa."

"Koma masiku ano a njinga zamoto amangochepetsa liwiro," anatero Yaseen.

"Iwo ndi odutsa. Ine olirawo amandidziwa dzina."

Yaseen anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nasiya kutama magiya.

Tinamuimbira Angella. Anakalipa moti foni inatentha m'manja mwanga. "Ababa, yaing'onoyo batire likathera panjira mupalasa ndi bondo liti?"

"Ndikankha. Ndaiyesa kale."

"Chabwino. Mwezi umodzi. Amalume, inu ndinu mboni. Bondo likatupa mundiuze."

Ndiye ndinasanduka kazitape wa mlamu wanga yemwe.

Sabata yachitatu ndinawaona pafupi ndi tchalitchi, pamene panamwalira mayi wina wogulitsa makala. Anatsika asanafike pamasamba, nadutsa pang'onopang'ono, akupereka moni wa mutu kwa azibambo okhala m'mbali mwa msewu. Atapitirira masamba achiwiri anaima. Anayesa kukweza mwendo, unakana. Anayesanso. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali amene akuona, ine n'kubisala kuseri kwa thebulo la tomato. Kachitatu anagwira bondo ndi dzanja, naliwolotsa yekha ngati katundu. Njinga inalira pang'ono, n'kuwanyamula.

Ndinakhala kuseri kuja nthawi yaitali, mpaka mwini tomato anandifunsa ngati ndikugula kapena ndikupemphera. Ndimaganiza zoti ku Ntchisi bondolo likapumadi, koma ndani akawaitane dzina pamsewu?

Mwezi utatha Angella anabwera kwathu. "Amalume, musandinamize. Bondo lili bwanji?"

"Limapweteka," ndinatero. "Koma palibe dzira lasweka, ndipo m'mawa amadzuka tambala asanawauze."

 Angella anangofunsa ngati ndikudziwa wowotcherera amene angatsitseko mpando wa njingayo.