Galimoto ya Mapiko ya ba Dyton

Eneless atafika pampopi m'mawa umenewo, amayi onse anasiya kulankhula. Madzi okha ndi amene anapitiriza kulira m'ndowa ya Elesi, mnansi wake wa khomo loyang'anana, mpaka kusefukira.

"Mwana wagona bwanji, amake Benard?" anafunsa Eneless.

"Funsani amuna banu," anatero Elesi akusenza ndowa. "Ndiwo bayenda pamwamba pa malata athu. Baona vonse."

Amuna a Eneless, Dyton Njobvu, anali makaniko pagaraja ya mmwenye wina ku Kamwala. Mowa sankamwa, ku mpira sankapita. Mtima wawo unali kuseri kwa nyumba yawo ya kansolo ku Matero, kumene kunaima chinthu cha mawilo atatu: injini ya njinga yamoto, mpando wa galimoto ya Morisi yakufa, chikupizo cha mtengo wa mukwa chosema ndi manja, ndi mapiko awiri a nsungwi okutidwa ndi matumba a ufa opakidwa penti. Ana ankachitcha chiwala. Mwini wake ankachitcha galimoto.

Chinayamba chaka chimene amayi awo anamwalira ku Fort Jameson. Inali nthawi ya dzinja. Lole imene anakwera inatitimira m'matope isanafike pa Luangwa, ndipo anafika kumudzi manda ataphuka kale udzu. Atabwerera sanalire pamaso pa munthu. Anangoyamba kutola zitsulo.

"Msewu ni wa boma, amake Maud," anauza Eneless tsiku lina akupala nsungwi. "Pali matope, pali polisi, kapokola ofuna chitupa. Kumwamba kulibe. Mazuba akubwera munthu aliyense azankhala na yake pakhomo, monga njinga. Udya m'mawa ku Matero, masana uli kwanu."

Anthu poyamba ankangoseka. Koma mwana wa Elesi atayamba kutentha thupi ndi kubwebweta, wina anakumbuka kuti anamvapo chinthu chikukwawa padenga. Wina anati chinthu cha nsungwi chimauluka ndi chimodzi chokha, lichero la mfiti. Mawuwo anayenda kuchokera pampopi kupita kumsika, kuchokera kumsika kufika kutchalitchi.

Madzulo a tsiku la mawu a pampopi lija kunabwera ba Whyson Mbewe, mkulu wa mpingo, munthu wa magalasi ndi mawu ofatsa. Anakhala pampando, chipewa pabondo, osayang'ana kuseri kwa nyumba.

"Ine sinikhulupirira vokamba vapampopi," anatero. "Koma mpingo wavutika. Akulu bakuti ndege ya mzungu ili na fakitale kumbuyo kwake. Matumba a unga na nsungwi sivingauluke popanda mankhwala. Manje tapangana tere: muchitulutse pa Chiweru masana, pabwalo la mpira, banthu bonse baone. Chikakana, baseka, nkhani yasila."

"Chikauluka?" anafunsa Dyton.

Ba Whyson anapukuta magalasi awo nthawi yaitali.

"Ninshi nyumba ino ichoka pa mgonero. Na amai bavula yunifomu ya chigwirizano."

"Pa Chiweru," anatero Dyton, nabwerera ku zitsulo zawo.

Eneless anatsala yekha pakhonde. Kumudzi munthu ali ndi amalume ndi azakhali. Mutauni muno abale ake anali amayi a chigwirizano, a bulauzi yoyera ndi siketi yakuda. Ndiwo anamugonera pansi mwana wake woyamba atamwalira, ndiwo anaimba mpaka mawu kutha. Akachotsedwa, tsiku la imfa yake adzamuimbira ndani?

Masiku otsatirawo ankapemphera pemphero limene ankachita nalo manyazi. Ankapempha kuti chinthucho chikane. Akuchapa mbale ankaona pazenera amuna ake akugwira phiko ndi chikhatho, kulisisita ngati msana wa ng'ombe, kenako kutsina waya ndi kutchera khutu kumva kulira kwake. Zala zawo zinali zakuda, zong'aluka, koma pansungwi zinkayenda mwaulemu. Iye ankatembenuza nkhope msanga, kuopa kuti pemphero lingasinthe.

Kamodzi kokha anayesa kulankhula.

"Atate a Maud, simungamasuleko kawaya kamodzi? Baseke, visile. Muzamanga futi pambuyo."

Dyton anamuyang'ana osakwiya.

"Nichinamizire?" anatero. "Chalakwa chani?"

Loweruka, pa Chiweru paja, Matero yense anali pabwalo. Ogulitsa mtedza anabwera ndi mabeseni awo. Akulu a mpingo anaima pamthunzi atavala majekete. Dyton anatuluka m'nyumba atavala suti ya ukwati wawo ndi tayi, nsapato zopukutidwa, nakankha galimoto yawo okha kufika pagoli lakum'mawa.

"Ba Dyton, mupereke moni ku Joni!" anafuula mwamuna wina.

"Munibweretseleko shuga ku Salisbury!"

"Mfiti ya tayi siinaonekepo, iyi ni yoyamba!"

Eneless sanafune kuima ndi amayi anzake, ndipo iwonso sanamusendere malo. Anayenda yekha mpaka kumapeto kwa bwalo, kumene kunali ngalande yaikulu yotenga madzi a mvula, naima pafupi ndi chulu.

Injini inatsokomola, inakana, kenako inagwira. Chikupizo chinasanduka mthunzi wozungulira. Fumbi la mwezi wa Okutobala linadzuka lonse nthawi imodzi, lofiira, nkuphimba khamu, akulu ndi mtedza womwe. Anthu anatembenuka akutsokomola. M'fumbimo munatuluka mphuno ya galimoto, ikunjanja, mapiko akugwedezeka ngati nkhuku yothamangitsidwa, ikubwera molunjika kumene Eneless anaima.

Anaona nkhope ya amuna ake, tayi ikuwamenya paphewa. Anali kuseka. Chibwerereni ku Fort Jameson kuja anali asanaonepo mano awo onse.

"Nyamuka," anamva pakamwa pake pakunena. "Nyamuka, iwe!"

Wilo lakutsogolo linasiya nthaka. Awiri akumbuyo anatsatira. Phokoso la miyala linatha, kunatsala injini yokha ndi mphepo. Galimoto inadutsa pamaso pake ili m'malere, msinkhu wa m'chiuno mwa munthu, ndipo pansi pake Eneless anaona udzu wa tsidya lina ndi kuwala kwa dzuwa. Inawoloka ngalande yonse osaikhudza. Kenako phiko lakumanzere linapendekeka, linakhula pansi, ndipo chinthu chonse chinazungulira nkugona m'mbatata za munthu wina.

Dyton anatuluka akutsimphina, magazi pang'ono pachipumi, nayamba kuyang'ana injini.

Khamu linafika likuthamanga. Ena anati yauluka, ena anati yagwera m'dimba basi, palibe amene anaona bwino. Ba Whyson anafika pambuyo akupuma movutika, magalasi ofiira ndi fumbi ali m'manja. Anakweza dzanja, anthu nakhala chete.

"Ife fumbi inatitseka menso," anatero. "Amake Maud, imwe ndimwe munali pafupi. Ine niganiza yagunda chulu, yajumpha chabe, monga mwamene ichitira njinga. Si tere?"

Ananena mofatsa, akumuyang'ana m'maso. Eneless anamva kuti mkuluyo wamutsegulira khomo ndipo waligwirizira ndi phazi. Akangovomera ndi mutu, mawa akakhala pabenchi lake. Amayi a chigwirizano anali pomwepo, ena akumukodola ndi maso kuti avomere. Ngakhale Elesi anali kuyang'ana pansi.

Dyton sanatukule mutu. Anali atagwada m'mizere ya mbatata, akupukuta dothi pachikupizo ndi mpango wawo wa m'thumba. Sanamupemphe kanthu. Sanamupemphepo kanthu chiyambire.

"Chulu ni ichi, ba Mbewe," anatero Eneless. "Onani ngati pali mapazi a wilo. Siinajumphe. Yauluka."

Phokoso linadzuka ngati njuchi.

"Amai, mwaziba vamene mwakamba?"

"Naziba. Nsungwi nabaona bakupala, injini nabaona bakumanga, masana, pamenso panga. Mankhwala sininaaonepo. Koma kuuluka yauluka. Nikakana, ndiye pamene nizayenera kuvula yunifomu."

Ba Whyson anavala magalasi awo osawapukuta. Anayang'ana ngalande, kukula kwake, nayang'ana pamene mawilo anathera tsidya lino ndi pamene anayambiranso tsidya linalo. Milomo yawo inagwedezeka ngati munthu wofuna kuimba mluzu.

"Akulu bazakumana," anatero potsiriza, mawu atatsika. "Mawa musabwere na yunifomu."

"Namvera."

Anthu anayamba kubalalika, akucheukacheuka. Eneless anatsikira m'ngalande, nakwera tsidya linalo. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Amuna ake anali atamasula kale phiko lothyoka, ataliimika chilili, akusowa pogwira popeza manja onse anafunika kukankha galimoto.

"Lakumanzere lilema," anatero Dyton. Kenako anamuyang'ana. "Munaona bwino?"

"Naona."

Eneless anavula mpango wake wa kumutu, naupinda nkhata, nawerama. Dyton anamusenzetsa phikolo mosamala. Linali lalitali kuposa chitseko, koma lopepuka modabwitsa.

Analowa mumsewu wa Matero, mwamuna akukankha, mkazi patsogolo. Amayi ena anapatuka, ena anaima pamakomo manja pakamwa. Pakona ya msika mphepo inalowa pansi pa phiko nkulikokera kumwamba, mwamphamvu, mpaka zidendene zake zinapepuka. Eneless analigwira ndi manja awiri, nayenda.