Minga pa Chitsime cha a Sandalamu

Chaka chimenecho mvula inkasankha. Kwa Mtema inagwa ndithu, koma kutsidya kwa mtsinje, kwa Gobede, inangowaza fumbi n'kupita. Kenako kunagwa ng'amba. Dzuwa linkaswa mtengo, nkhuku zili yasa kukamwa pansi pa nkhokwe, chimanga chitapota masamba ngati anyezi.

Lusiyano Kambalame wa kwa Mtema anali ndi chitsime m'dimba mwake, chimene anakumba malemu agogo ake, a Sandalamu. Mijigo ya kutsidya itauma, amayi a kwa Gobede anayamba kudzatunga pamenepo. Madzi ankatsika, matimati akufota. Lusiyano anadula minga n'kutchinga chitsimecho.

M'mawa wina anabweza Nazimbiri, mayi wa kutsidya, ali ndi mwana kumbuyo.

"Bambo, ngakhale theka la ndowa. Mwanayu watentha thupi."

"Kayeseni kwina, mayi. Kuno atha."

Masana ake mtima sunakhale m'malo, chakudya chinamukanika. M'nyumba yamalata munali ngati mu uvuni, ndiye anayala mphasa pansi pa mango n'kumangotembenuka mpaka tulo tinamuba.

Anangoona ali m'dimba. Kunali zii, ngakhale nyenje sizinkalira. Anamva fungo la fodya wa chingambwe, ndipo potembenuka anaona a Sandalamu atakhala kunja kwa minga, atavala jekete lomwe anaikidwa nalo m'manda. Milomo yawo inali itang'ambika, mapazi ali mbuu. Anamulozetsa chikho.

Lusiyano anaponya ndowa m'chitsime. Inatuluka yolemera, koma potsanulira m'chikho munagwa mchenga wotentha. Anaponyanso. Mchenga womwewo.

"Mdzukulu wanga," anatero agogowo motsitsa mawu, "chitsimechi ndinakumba ndi amuna a kwa Gobede. Mmodzi dothi linamukwirira momwemu. Madzi samanana. Ukawatsekera, adzakuthawa iwenso."

"Agogo, nanga ana anga adzadya chiyani?"

"Chotsa mingayo dzuwa lisanalowe."

Anadzidzimuka kukhosi kuli gwa, malaya atanyowa ndi thukuta. Mkazi wake, Nangozo, anali chiimire pambali pake.

"Mumalankhula ndi ndani, bambo a ana?"

"Agogo anabwera. Ali ndi ludzu."

Nangozo anangomupatsa ndowa.

Kudimba, Lusiyano anazula minga ija ndi manja mpaka zala zinachucha magazi. Madzi anali atatsala pansi penipeni, ndipo anachita kuwonjezera chingwe. Anasenza ndowa pamutu n'kuwoloka mtsinje wouma uja, anthu akumuyang'ana modabwa.

Anapeza Nazimbiri pakhonde, akukupiza mwana ndi kansalu. Mwanayo anali lefuu, maso atalowa. Lusiyano anatula ndowa, n'kunjuta chapatali.

"Mawa mubwere, mayi. Muwauzenso anzanu."

Nazimbiri sanamuyang'ane. Anaviika nsonga ya chitenje m'madzimo n'kufinyira pakamwa pa mwanayo, dontho limodzilimodzi. Lusiyano anakhala pomwepo, osachoka, mpaka anaona kakhosi kaja kakumeza.