Mtengo wa Ola Limodzi

Ana a pakoleji ankawatcha Anachete, ngati kuti ndi mfunda wawo, chifukwa munthu akangoponda mu situdiyo moni woyamba umene ankalandira unali wakuti "chete". Iwo dzinalo sankadandaula nalo. Anali atakalambira m'kachipinda kameneko, kumapeto kwa khonde la dipatimenti ya nyimbo, pafupi ndi sitolo yosungiramo mipando yothyoka. Mkati munali mbali ziwiri zolekanitsidwa ndi galasi. Mbali ya oyimba inali ndi maikolofoni ndi makoma omatidwa siponji yomwe inali itayamba kuyoyoka ngati buledi wogona. Mbali yawo inali ndi kompyuta, makina osakanizira mawu ndi mpando wopendekera kumanzere, womwe unali utawapendeketsanso msana.

Makina oziziritsira mpweya anali atafa kalekale. Windo munalibe, ndipo fani sakanayatsa chifukwa maikolofoni ankatola phokoso lake. Anthu ankatuluka mmenemo ngati avuulidwa m'madzi.

Tsiku lina m'mawa anaitanidwa ku ofesi ya Abasala, mkulu wa zachuma yemwe anali atangobwera kumene pakolejipo. Anachete anapita ndi chiyembekezo choti mwina nkhani ya makina aja yamveka.

"Mayi, situdiyo yanu ija ndi nkhuku yomangodya osaikira," anatero Abasala, maso ali pa kompyuta. "Magetsi ikudya, zingwe tikugula, inu tikukulipirani. A ku laibulale akuchifuna chipindacho kuti aunjikemo mabuku akale. Ine ndawauza kuti adikire kaye. Mundibweretsere mitengo: wojambula azilipira zingati pa ola."

"Ine ntchito yanga ndi kujambula mawu, bwana. Zamitengo ndimayesa ndi za ofesi ino."

"Ofesi ino sidziwa kuti nyimbo imodzi imatenga nthawi yotani. Komiti ikumana sabata yamawa. Mukabwera chimanjamanja, makiyi apita ku laibulale."

Poweruka Anachete sanalunjike kunyumba. Anatsika minibasi pakati pa tawuni n'kukwera masitepe a kuseri kwa shopu ya matayala, komwe kunali situdiyo ya Kabesi. Kabesiyo anali mwana wawo wa pantchito. Anabwera pakoleji ali woonda ngati ndodo ya gitala, ndipo ndi iwo amene anamuphunzitsa kukulunga chingwe osachithyola mkati. Tsopano anali ndi mimba, ana awiri, ndi chipinda chomata mathireyi a mazira m'makoma.

Atamva chimene abwerera, Kabesi anazimitsa nyimbo imene ankakonza n'kuwapatsa mpando wake. Mtengo wake anawauza mosabisa: ola limodzi linkafanana ndi thumba la simenti.

"Koma amayi, musandiphe," anatero. "Inu lendi simulipira. Magetsi akazima muli ndi jenereta ya koleji. Mukangotsitsa pang'ono, makwaya onse athamangira kwa inu, ine ndizikagulitsa matayala pansipa."

"Zaka zonsezi akhala akubwera kwaulere ndipo sunafe."

"Kwaulere kumabwera odziwana nanu okha, nawonso mozemba. Mukakhoma pepala pachitseko ndiye kuti mwatsegula golosale."

Anawaperekeza mpaka pa siteji, n'kuwalipirira minibasi ngakhale iwo anakana. M'njira monse Anachete ankangoganiza kuti wawagula ndi ndalama ya mpando umodzi.

Kunyumba anapeza amuna awo ataviika mapazi m'beseni. Bambowo ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo madzulo aliwonse ankafika mawu atasasa ndi kukuwa kuti "buleki". Anamvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu, mpaka Anachete atatchula za mlamu wawo. Mlamuyo anali mng'ono wa bambowo, wotsogolera kwaya ya kutchalitchi kwawo, ndipo Loweruka lililonse limene wafuna ankabwera ndi oyimba ake ku situdiyo ngati akubwera pakhomo pa mayi ake.

"Mitengo ndi ya anthu obwera," anatero bambowo. "Mlamu wako si munthu wobwera."

"Pepala silidziwa mlamu."

"Mbuzi imadya pomwe aimangirira, mayi."

"Mbuzi imeneyo ndi imene akufuna kuigulitsa. Mumuuze mng'ono wanu asanasonkhanitse anthu. Zikachokera kwa inu azimva bwino."

"Ndimuuza," anatero bambowo, n'kupempha thaulo. Anachete anali atakhala nawo pabanja nthawi yokwanira kudziwa kalankhulidwe ka mawu amenewo, koma analibe mphamvu zobwereza.

Sabata yonse mutu unali pa mitengo. Akaika yokwera ankaona nkhope za ana a sukulu, ena oti nkhomaliro yawo inali madzi a pampopi. Akaika yotsika ankaona Kabesi akugubuduza matayala. Pomaliza anagawa patatu. Ntchito ya m'kalasi ikhale yaulere. Mwana wa sukulu wojambula nyimbo zakezake alipire kangachepe, kofanana ndi kuchita fotokope mitu ingapo ya buku. Anthu akunja alipire ndendende zimene ankalipira kwa Kabesi.

Komiti inakumana m'chipinda chonunkha polishi. Mtsogoleri wa ophunzira anabwera atavala jekete la mkulu wake, n'kunena kuti chilichonse cha pakoleji makolo analipira kale mu fizi. Mphunzitsi wina, yemwe ankajambula mauthenga a malonda a pawailesi n'kumalandira zake mwakachetechete, ananena kuti zimene iye amachita mu situdiyo ndi kafukufuku. Kenako wina anafunsa kuti kodi ola limayamba munthu akalowa pakhomo kapena nyali yofiira yosonyeza kuti kujambula kwayamba ikayaka, ndipo funso limenelo linadya masana onse. Anachete anafotokoza kuti kwaya imatha theka la ola ikungokanganirana poima, ndipo magetsi amakhala akuyenda. Anafotokoza kachiwiri. Kachitatu anangoyang'ana patebulo.

Abasala ndiwo anatseka nkhani. Ola liziyamba chitseko chikatsegulidwa. Pa mtengo wa akunja anawonjezerapo pang'ono, ati dzina la koleji nalonso lili ndi mtengo wake. Aliyense azilipira kaye ku ofesi n'kubwera ndi lisiti.

"Ndipo mayi," anatero akutseka faelo, "tikapeza munthu mkatimo wopanda lisiti, ndalama yake tidula pa malipiro anu. Si nkhanza, ndi dongosolo."

Pepala la mitengo analimata pachitseko Lachinayi. Loweruka m'mawa Anachete anabwera kudzamaliza ntchito za ana a chaka chomaliza, ndipo asanalowetse kiyi anamva minibasi ikuima panja. Munatsika kwaya yonse, amayi atavala mabulauzi ofanana, abambo atanyamula kiyibodi ngati machira. Kutsogolo kunali mlamu wawo, akumwetulira, thukuta lili kale pamphumi.

"Alamu, tafika. Lero ndi nyimbo zinayi zokha, sitikuchedwetsani."

"Achimwene anu sanakuuzeni?"

"Anati pali tinkhani ta mapepala, koma sitikukhudza ife."

Anachete analoza pachitseko. Mlamuyo anawerenga pepalalo kuyambira pamwamba mpaka pansi, milomo ikuyenda, kenako anaseka pang'ono n'kutsitsa mawu kuti oyimba asamve.

"Lero ndi Loweruka, alamu. Abwana anuwo ali kunyumba kwawo. Anthuwa asonkha ya minibasi, ena asiya ana kwa aneba. Tsegulani, tikatuluka palibe adziwe."

Zinali zoona. Pakhonde ponse panalibe munthu, ndipo mlonda wa pageti ankayimba nawo besi kutchalitchi komweko. Kiyi anali m'manja mwawo, wofunda. Koma Anachete anaona Loweruka lotsatira, ndi linzake, ndi makwaya ena amene angamve kuti pali khomo la kuseri. Anaonanso kuti adzakhala akudzidzimuka nthawi iliyonse nsapato ikagunda pakhonde, pa msinkhu wawowo.

"Sinditsegula, alamu. Bwerani Lolemba ofesi ikatsegulidwa. Theka ndikuthandizani ine, kuchokera m'thumba mwanga."

"Sitinabwere kudzapemphetsa." Mawu a mlamuyo anali atakwera tsopano, ndipo oyimba anasiya kunong'onezana. "Pa ukwati wanu tinayimba tsiku lonse, dzuwa lili paliwombo. Bambo anu atamwalira ndife tinagona pamaliro mpaka kuika. Lisiti munatipempha?"

Palibe chimene mlamuyo ananama. Anachete anangoima, msana atatsamira chitseko. Mayi wina wachikulire wa m'kwayamo, yemwe ankawabweretsera mapeyala nthawi zonse, anatsegula chikwama chake, n'kuchitsekanso osatulutsa kanthu. Abambo aja ananyamulanso kiyibodi. Minibasi itachoka, Anachete analowa mkati n'kukhala pampando wopendekera uja, osayatsa kompyuta, mpaka bulauzi inamata kumsana.

Madzulo ake Kabesi anaimba foni. "Amayi, anthu anu ali kuno. Akuti ndiwachotsere chifukwa ndine mwana wanu."

"Chita zimene ungathe."

"Ndawachotsera pang'ono. Koma akuthamanga ngati akuthawa mvula, sindikudziwa chitulukepo."

Kunyumba kunazizira. Apongozi awo aakazi anaimbira mwana wawo foni n'kulankhula nthawi yaitali, bambowo akungoti "eya, mayi, eya". Atadula foni, bambowo anati, "Ukanangotsegula."

"Mukanangomuuza."

Anadya wailesi ikulankhula yokha.

Masabata otsatira situdiyo inakhala zii. Akunja ankabwera, kuwerenga pepala, kuimba mluzu n'kubwerera. Mphunzitsi wa kafukufuku uja anasiya kuwapatsa moni. Ana a sukulu ankasonkherana anayi kapena asanu kugula ola limodzi, ndipo ankafika ataloweza mawu awo bwinobwino, chinthu chimene Anachete anachilalikira kwa zaka popanda womvera. Malisiti ankalowa limodzilimodzi ngati madontho a mpopi wotha. Atafunsa za makina oziziritsira mpweya, anauzidwa kuti ndalama za situdiyo zimalowa m'thumba limodzi ndi zina zonse, ndipo padakali pano thumbalo likukonza denga la holo.

Mwezi wachiwiri uli pakati, mlamu wawo anatulukira yekha masana a Lachitatu. Anagogoda, chinthu chimene anali asanachitepo. M'dzanja limodzi munali lisiti la maola awiri, m'dzanja lina kafulashi kosungiramo nyimbo zimene anajambula kwa Kabesi.

"Mwaswera bwanji, mayi?" anatero, ngati akulankhula ndi kalaliki wa ku banki.

"Ndaswera, kaya inu, alamu. Lowani."

Nyimbo zija zinali zitatuluka monga Kabesi anaopera. Amayi oyimba mokweza anali atameza aliyense, kiyibodi inkathamanga kutsogolo ngati mwana wotumidwa, ndipo penapake munthu anatsokomola pakati pa "aleluya". Anakhala moyandikana, aliyense atavala mahedifoni, akulankhula za ntchito yokha. Anachete anatsitsa apa, anakweza apo, anadula chifuwa chija. Mlamuyo ankapukuta khosi ndi kampango.

"Mumakhalamo bwanji muno tsiku lonse?" anafunsa patapita nthawi.

"Ndinazolowera."

"Ine ndimayesa ndalama tikulipirazi ndi zokonzera zimenezi."

"Inenso ndimayesa choncho."

Mlamuyo anaseka kudzera m'mphuno, ndipo kwa kanthawi anakhala ngati munthu amene ankabwera kudzadya kwawo Lamulungu masana. Nyimbo zitatu zinakonzeka ndithu. Yachinayi Anachete anaimvetsera kawiri n'kuvula mahedifoni.

"Iyi sindingainamize, alamu. Mwayamba bwino koma pofika pakati kwaya yonse yatsika, kiyibodi yatsala yokha m'mwamba. Ikufunika kuyimbanso."

Mlamuyo anayang'ana mbali ya oyimba kuseri kwa galasi, milomo ikuyenda mwakachetechete. Anali kuwerengetsera anthu ake, amene angasonkhe ndi amene sangathe.

"Tikakambirana," anatero. Anatenga kafulashi kake, napinda lisiti n'kuliika m'thumba la malaya. Pakhomo anaima pang'ono. "Mukawapatse moni achimwene."

Nyumba zawo zinali zoyandikana, zoti munthu akhoza kufika wapansi tiyi asanazizire, koma Anachete anangoti akawapatsa.

Anakulunga zingwe, anazimitsa makina, anakhoma chitseko. Panja mphepo inawawomba pabulauzi yonyowa mpaka anamva kuzizira. Ali pafupi ndi geti, galimoto ya Abasala inaima pambali pawo, galasi likutsika.

"Mayi, za situdiyo zikuyenda. Ndi zochepa, koma a laibulale ndawapezera kwina. Tsono a komiti akuti popeza inu mwazolowera, mutipangirenso mitengo ya holo ndi ya chipinda chovinira. Ya situdiyo tidzaiunikanso chaka chikamatha, zinthu zakwera."

"Ndiziona Lolemba, bwana."

Galimoto inapita. Anachete anawoloka msewu n'kukaima pamzere wa minibasi, kumbuyo kwa mayi wina wonyamula matumba awiri a makala, n'kusamutsira chikwama chawo paphewa losapweteka.