Galimoto Yosaferamo Munthu

Namwino wa pachipatala cha pa Tsangano anamukokera Guilhermina pakhonde ndi kumuuza motsitsa mawu kuti mankhwala sakuthandizanso. Mtima wa amayi ake, a Catarina, unali utatopa. Ngati abale akufuna kuti gogoyo akatsirizire kwawo, amutenge lero lomwe, asachedwe.

A Catarina eni ake anali atanena kale zimenezo. Chiwagonekereni pabedi lachitsulo lija, pempho lawo linali limodzi: "Mina, mwana wanga, ndisafere kuno. Ndikagone pamphasa yanga, amayi anzanga a mpingo andiyimbire ndikumva."

Kwawo kunali kutali, mudzi wina wa kumbali ya Ntengo-Wambalame, msewu wake wa miyala ndi maenje. Koma Guilhermina sanade nkhawa. Anaimba foni kumudzi kuti amayi a mpingo asonkhane, ndipo mumtima anathokoza Mulungu amene amakonzeratu njira munthu asanapemphe. Mlongo wake Leonardo, wobadwa pambuyo pake, anali atafika m'mawa womwewo kuchokera ku Tete kumene amagwira ntchito, ndipo anabwera pa galimoto yatsopano.

Anaipeza pansi pa mtengo wa bulugamu, kunja kwa mpanda, anthu ataizungulira. Inali yakuda, yonyezimira ngati mtsuko wopaka mafuta. Kutsogolo inali yophwatalala mwaulemu ngati zija amakwera akuluakulu a boma. Kumbuyo inali yaitali ngati ambulansi. Koma matayala ake anali aakulu, mimba yake ili m'mwamba, ngati zija zimakatenga fodya kumidzi. Ogulitsa batata ndi nyemba anali atasiya malonda awo kudzaona.

"Ndiye ndi mtundu wanji umenewu, shefe?" anafunsa bambo wina wogulitsa nyemba. "Uyutu ndi mleme. Mbalame si mbalame, mbewa si mbewa."

Anthu anaseka, Leonardo nayenso anaseka. "Três em um, madala, zitatu m'chimodzi. Mutauni ndi ya ukwati, paulendo ndi ya katundu, kumudzi ndi ya matope. Taonani."

Anagwedeza phazi pansi pa galimotoyo, chitseko chakumbuyo n'kudzikweza chokha. Anadina kenakake, mipando yachikopa choyera n'kugona pansi mwakachetechete, mpaka m'katimo munasanduka malo osalala, aatali.

"Umu munthu wamkulu amagona miyendo atatambasula," anatero Leonardo. "Ndipo mumafunda, ngakhale kunja kuzizire bwanji."

Guilhermina anamva misozi ikubwera. Anadutsa pakati pa anthu n'kumugwira mlongo wake pamkono. "Achimwene, isiyeni choncho mipandoyo. Ndikukatenga amayi ndi mabulangete. Namwino wati tiwatengere kwathu tsopano lino."

Kuseka kunachoka pankhope ya Leonardo. Anamutengera pambali, kuseri kwa mtengo.

"Espera, mana, dikirani kaye achemwali. Wati chiyani kwenikweni namwinoyo?"

"Wati nthawi yawo yayandikira."

"Ndiye kuti atha kutisiya panjira?"

"Atha. N'chifukwa chake ndikuti tifulumire."

Leonardo anayang'ana galimoto, kenako anayang'ana nsapato zake. "Mana, mundimvetse. Galimoto imene waferamo munthu siikhalanso bwino. Mnzanga wina kuntchito ananyamula wodwala, n'kumutsirizira m'manja panjira. Sipanapite nthawi, galimotoyo inagubuduzika pamalo osalala. Aliyense amadziwa zimenezi. Mkazi wanga Mónica akangomva, sadzakweranso, ana sadzawalola kukwera. Ndikhala ndi galimoto yoopedwa ndi mkazi wanga yemwe?"

Guilhermina anaganiza kuti sanamve bwino. "Mukuti bwanji?"

"Calma, musadandaule. Ndamuimbira kale Eusébio, uja wa kamiyoneta, kalole konyamula batata. Akangomaliza kupakira abwera. Tiwayalira matiresi kumbuyo, ife tizitsatira pang'onopang'ono."

"Kumbuyo kwa kamiyoneta? Pamtunda, mphepo ya Juni ino?" Mawu ake anakwera, ndipo ulemu wa "achimwene" unagwa pansi. "Iwe Leonardo, amayi ako ndi thumba la batata? Unabatizidwa iwe, unaimba kwaya mpaka ndevu kumera. Ndi tsamba liti limene unawerenga kuti imfa imamatirira pachikopa cha mpando? Moyo wako uli m'manja mwa Mulungu kapena m'manja mwa chiwongolero?"

"Musakweze mawu, mana, anthu akumva."

"Utadwala chikuku, anakubereka kumsana kuchokera kumudzi mpaka pachipatala chomwechi, ukuwasanzira m'khosi. Anaopa kuti uwafera kumsana? Akanati msana wanga uwonongeka, bwenzi lero uli pano ukugwedezera chitseko phazi?"

"Eusébio akubwera," anatero Leonardo, n'kudina foni yake. Mipando yoyera ija inadzuka, chitseko n'kutsekeka chokha.

Eusébio sanabwere. Poyamba anati akumaliza kupakira. Kenako anati tayala laphwa. Kenako foni yake inasiya kuyankha. Chifunga cham'mawa chinachoka pamapiri, dzuwa linafika paliwombo n'kuyamba kupendeka, ndipo galimoto yakuda inangokhala pamthunzi, ana asukulu akudziyang'anira nkhope pazitseko zake.

M'chipinda, Guilhermina ankanyowetsa milomo ya amayi ake ndi kansalu. Ankayesa kupemphera koma pemphero linkatuluka ngati mlandu. Ambuye, munampatsa chuma mwana ameneyu kuti chimudye mtima? Munatsegula dzanja lanu kuti iye atseke chitseko?

A Catarina anatsegula maso. "Tikupita, Mina?"

"Posachedwa, amayi."

"Nardo wabwera. Ndamva mawu ake panja." Anakoka mpweya movutikira. "Akuti wagula galimoto yokongola. Mwana wanga ameneyo. Mulungu wamukumbukira."

Guilhermina analuma mlomo mpaka kumva mchere. Kunama sakanatha, ndipo zoona zikanawapha asanafe. Anaimirira, anamasula kapulana, chitenje chake cha m'chiuno, n'kuitana namwino.

"Ndithandizeni kuwakweza kumsana."

"Mayi, kwanu n'kutali," anatero namwino. "Simungafike."

"Ndifika pamene Mulungu andifikitse. Koma pano sakhala."

A Catarina anali atapepuka ngati mtolo wa mapesi. Guilhermina anawamanga ndi kapulana ziwiri, namwino n'kuwafunditsa bulangete kumutu. Anatuluka pachipata, mapazi a gogoyo akulendewera m'mbali, nadutsa pafupi ndi galimoto ija osaiyang'ana.

Leonardo anathamanga. "Mana! Mukuchita chiyani? Mwapenga? Anthu akuona!"

"Aone."

"Mukundichititsa manyazi dala."

"Manyazi wadziveka wekha. Choka panjira, ndili ndi katundu amene iwe wamukana."

Anatsika msewu wodutsa pamsika, ndipo anayamba kuimba nyimbo ya paulendo wa kumwamba imene amayi ake ankaikonda. Pamsika panagwa bata. Mayi wina anasiya mulu wake wa batata, anamanga mpango, n'kumutsatira akuvomereza nyimboyo. Anabwera wachiwiri, kenako wachitatu. Bambo wa nyemba uja anavula chipewa, ndipo atayang'ana kwa Leonardo analavula pansi.

Atapitirira nyumba zomaliza za pa vila, katauni ka Tsangano, pamene msewu umayamba kukwera, miyendo ya Guilhermina inayamba kulemera. Mmodzi wa amayi aja anati, "Tsitsani, ndikulandireni." Asanayankhe, anamva matayala akuphwanya miyala pambuyo pawo. Galimoto yakuda inawadutsa pang'onopang'ono n'kuima patsogolo. Chitseko chakumbuyo chinakwera. Mipando inali itagona kale, ndipo Leonardo anali atayalapo jekete lake.

"Mana, chonde," anatero, maso ali pansi.

Guilhermina anafuna kumudutsa. Mtima wake wonse unafuna kumudutsa, kuti akafike kumudzi wapansi, mapazi akutuluka magazi, kuti Leonardo adzakumbukire mpaka kumanda. Koma mpweya wa amayi ake pakhosi pake unali utachepa, ukubwera mwa apo ndi apo. Ulendo uwu sunali wake. Anatembenuka, napereka msana kukhomo la galimoto, amayi aja n'kumuthandiza kumasula kapulana.

Galimotoyo inayenda monga anainenera mwini wake. Maenje amene amagwedeza shapa, maminibasi aja, mpaka anthu kuluma lilime, iyo inkangowameza. Pamiyala inkadutsa ngati ikuyenda pamchenga. M'kati munali mofunda, mwabata, ndipo denga lake linali la galasi. Ubwino wonsewo unkangomuwonjezera Guilhermina ukali. Akananyamuka m'mawa, bwenzi pano amayi ake ali pamphasa yawo, anzawo atawazungulira.

A Catarina anayang'ana kumwamba kupyola pagalasi. "Mitambo," ananong'ona. "Tili m'galimoto ya Nardo?"

"Inde, amayi," anayankha Leonardo ali kutsogolo, mawu ake atasweka.

"Muli bwino muno. Mukufunda."

 Guilhermina anawagwira dzanja n'kupitiriza kuimba chapansipansi. Anadutsa minda ya batata yokumbidwa kale, anadutsa mapesi a chimanga oimikidwa m'mikukwe, anatsikira kukamtsinje kamene a Catarina ankachapirako zovala. Tsidya linalo, pamwamba pa chitunda, malata a tchalitchi cha kwawo anayamba kuoneka.

"Amayi, taonani, tafika kwathu. Tchalitchi icho."

Dzanja limene anagwira linali litalefuka. Guilhermina anadikira mpweya wina, koma sunabwere. Anawatseka maso ndi chala, anawongola mutu wawo, n'kunena chamumtima mawu owapereka kwa Mwini moyo.

"Imika."

"Tatsala pang'ono, mana, ndithamange..."

"Imika, Leonardo. Palibenso chothamangira."

Galimoto inaima. Leonardo anakhala atagwira chiwongolero ndi manja onse, mapewa akugwedezeka. Kenako anatsegula chitseko n'kutuluka. Guilhermina anaganiza kuti akuthawa galimoto yake, popeza chimene ankaopa chija chachitika, ndipo mkwiyo unamudzadzanso. Koma Leonardo anatsikira m'thengo la m'mbali mwa mtsinje, nayamba kuthyola nthambi zamasamba aawisi ndi manja. Anabwera nazo n'kuzisomeka kutsogolo kwa galimoto, zina pagalasi lakumbali, zina kumbuyo, monga amachitira ndi galimoto iliyonse yonyamula maliro kuti okumana nayo adziwe. Nthambi ina inakanda utoto wakuda uja mzere wautali woyera. Iye anauona, nasomeka nthambiyo mwamphamvu.

Anakwera chitundacho pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi. Mnyamata wa panjinga anatsika n'kuima pambali. Abambo amene ankakhoma denga la nkhokwe anavula zipewa. Pabwalo la a Catarina, amayi a mpingo anali atakhala pamphasa chiyambire m'mawa, mabuku a nyimbo ali pamiyendo, kudikira kuti amuimbire mnzawo akumva. Ataona galimoto anaimirira mokondwa. Ataona masamba, mayi wina anagwira kumutu, ndipo kulira kunabuka mudzi wonse.

Leonardo anatsegula chitseko chakumbuyo ndi dzanja. Anaima pamenepo, nkhope itanyowa, osatha kuyang'ana thupi la amayi ake.

"Mana," anatero, "mundikhululukira?"

Guilhermina anamuyang'ana nthawi yaitali. Anaona bambo wa ndevu, wa nsapato zonyezimira, ndipo anaonanso kamwana kachikuku kaja.

"Ndidzakukhululukira, chifukwa Ambuye sanandipatse njira ina," anatero. "Koma osati lero. Lero gwira kumiyendo, tiwalowetse m'nyumba mwawo."