Chipsera cha Kapitawo

Kachete ananyowetsa chikhatho m'beseni n'kuyamba kupukuta khushoni ya pampando wa abambo ake pang'onopang'ono, ngati wauzidwa kuti akamaliza apatsidwa ntchito ina. Ubweya unkamata m'zala, iye n'kumautola, n'kumauika m'kabokosi ka machesi. Panali patatha milungu itatu chifereni Kapitawo, mphaka wa pakhomopo, koma ubweya wake unali usanasamuke.

Dzina la Kapitawo anamupatsa ndi abambowo, poti ankangokhala pawindo n'kumayang'anira anzake akugwira ntchito. Maso awo atachita mdima zaka zinayi zapitazo, mphakayo ankamuona ndi manja. Tsopano dzanja lawo linkatsikabe lokha pamiyendo, n'kusisita mphepo. Kachete anaziona zimenezi. Anangopita kwa azakhali ake, amene ankapeta mapilo ndi nsalu za pathebulo, kuti amuphunzitse kupeta nkhope ya mphaka.

Azakhali anali apakamwa, koma singano inkawamvera.

"Ulusi uwu uli ndi tingwe sikisi, iwe sololapo kamodzi kokha. Ukapeta ndi tonse utulutsa tsache, osati mphaka."

Anamuphunzitsa kukunga nsalu pamkombero mpaka ilire poigogoda. Anamuuza kuti ayambire kukhosi kulowera kumphuno, kuti ubweya ugonerane, wina wautali wina waufupi. Za mitundu Kachete anadzipezera yekha. Anatsegula kabokosi kaja pawindo, naona kuti mphaka amene onse ankati ngotuwa anali ndi mitundu inayi, ndi wofiirira womwe.

Nkhope yoyamba inatuluka ngati ya kadzidzi. Yachiwiri azakhali anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Iyi ndi mbuzi yodwala chimfine!" Yachitatu sanaseke. Anafunafuna magalasi awo, nayang'anitsitsa, n'kungoti, "Pitiriza."

Panali malo amodzi amene Kachete anawapeta ali yekha. Kapitawo ali wamng'ono anakodwa pawaya wa mpanda, ndipo kuseri kwa khutu lamanzere ubweya unamera mobwerera, n'kupanga kabwalo kokakala. Chala chachikulu cha abambo chinkaima pamenepo nthawi zonse. Kachete anapetapo motsutsana ndi mizere inzake, ndi tingwe tiwiri m'malo mwa kamodzi. Anatsinzina, nayendetsapo chala, namva kuti wakhoza.

Loweruka masana azakhali anafika atanyamula felemu ya galasi. Abambo anali pampando wawo, wailesi ikulira chapansipansi.

"Achimwene, mudakali pomwe ndinakusiyani mwezi watha?"

"Ndikudikira kuti usiye kuyankhula ndipeze mpata wodzuka," abambo anayankha.

Azakhali anayala nsalu ija pathebulo. Maso a mphakayo anali ngati aphethira, ndevu zake zili nyomi. Azakhali anagwedeza mutu mokhutira, koma atafika pakhutu paja nkhope yawo inasintha.

"Nanga apa unkasinza? Ubweya ukupita uku, uwu ukubwerera uko. Ntchito yabwino chonchi n'kuiwononga ndi kadontho!" Anatulutsa sizasi yaing'ono m'chikwama. "Ndimasula, tilongosole, kenako titsekere m'galasi fumbi lisalowe. Anthu asamati ndinakuphunzitsa ndine."

"Mukukangana chiyani kumeneko?" abambo anafunsa, akuchepetsa wailesi.

"Palibe kukangana, achimwene. Mwana wanuyu amakangana ndi munthu? Ndikungokonza kanthu."

Nsonga ya sizasi inali italowa kale pansi pa ulusi.  Moyo wake wonse Kachete akafuna kuyankhula, wina ankakhala atamuyankhulira kale. Anayang'ana dzanja la abambo lili pamwendo, zala zikuyenda pathalauza. Kenaka anaika chikhatho chake pamwamba pa khutu la mphakayo.

Azakhali anadzutsa mutu. "Iwe, ndikubaya!"

"Azakhali, pamenepa musamasule," Kachete anatero. "Sindinalakwitse ayi. N'chipsera cha waya chija, ndinachipeta dala. Galasinso musaike, chifukwa mphakayu si woonera, ndi wogwira. Zonse mwandiphunzitsa ndinu, ndipo ndikuthokoza, koma Kapitawo sindinapetere anthu. Apatseni abambo asisite. Chala chawo chikapanda kuima pamenepa, sizasiyo mundipatse, ndimasula ndekha."